Dzina Langa M'buku la Othawa Nkhondo

Kalata yonena kuti ndasankhidwa inandipeza ndikutsuka mabotolo mu labu. Nthawi imeneyo n'kuti nditamaliza digiri yoyamba ku Zomba, ndipo koleji inali itandisunga kuti ndizithandiza aphunzitsi a kemisitiri. Ntchito yanga inali kukonza zipangizo, kuyang'anira ana a chaka choyamba kuti asatiotchere nyumba, ndi kuchonga mapepala amene akuluakulu ankaona kuti ndi otopetsa. Sindinali mphunzitsi, komanso sindinalinso mwana wa sukulu. Ndikalowa kodyera ana a sukulu, ophika ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba nyemba. Ndikalowa kopumulira aphunzitsi, wina ankandituma madzi a tiyi. Njira yochokera pamenepo inali imodzi yokha, digiri yachiwiri, koma ya kemisitiri kuno kwathu kunalibe. Inkafunika kupita kunja, ndipo kunja munthu sankapita ndi ndalama za manachesi a amayi ake.

Mkulu wa dipatimenti yathu, bambo wamfupi amene ankayankhula akuyang'ana pa tebulo, anandiitanira mu ofesi mwake n'kundiwerengera malamulo a sikolashipuyo limodzilimodzi. Opereka thandizowo alipira zonse: fizi, ndege, chakudya, ngakhale jasi la chisanu. Ine ndisayine kuti ndikamaliza ndidzabwerera kudzaphunzitsa. Koma thandizolo linali la nzika za Malawi zokha, choncho pankafunika kalata yochokera ku boma la kwathu yotsimikiza kuti ndine wa kuno. Kalatayo ikangofika, za pasipoti ndi zina zonse koleji ithamangitsa yokha.

"Ikhale pa tebulo panga mwezi uno usanathe," anatero. "Mukachedwa ndi tsiku limodzi lokha, malowa apita kwa amene ali wachiwiri pa mndandanda. Ine sindidzakhala ndi chonena."

Wachiwiriyo ndinkamudziwa. Tinkachongera mapepala pa tebulo limodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo anayamba kundifunsa m'mawa uliwonse ngati ndadzuka bwino, mwaulemu wokayikitsa.

Za kalatayo sindinade nazo nkhawa. Ndinabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Thambani, ndinabatizidwira komweko, mchombo wanga uli komweko. Ndinapempha masiku atatu, ndinaponya diresi limodzi losinthira m'kachikwama, n'kukwera basi ya ku Blantyre, kenako ina ya ku Mwanza.

Amene sanaone Mwanza m'zaka za nkhondo ya ku Mozambiki sangamvetse kuchuluka kwa anthu amene anali pa boma paja. Mathiraki ankandandalika m'mbali mwa msewu kudikira asilikali oti awaperekeze njira ya ku Tete. Pansi pa mtengo uliwonse kufupi ndi chipatala panali azimayi a kutsidya atakhala pa nsalu zawo, makhadi olandirira chakudya atawamanga pa nsonga ya nsalu monga timamangira ndalama. M'midzi mwathu munali mutadzaza mofananamo, chifukwa kwathu kumalire kuja banja lililonse lili ndi abale mbali zonse ziwiri, ndipo nkhondo itavuta aliyense anathawira kwa wake.

Mlembi wa ku ofesi ya ku boma anali bambo wachikulire wovala juzi ngakhale kunja kunkatentha. Anandilandira bwino, moti atamva kuti ndachokera ku yunivesite anandipukutira mpando ndi dzanja. Anandifunsa dzina, mudzi ndi makolo. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa chibuku chachikulu chachikuto chakuda.

"Ndi mwambo chabe, mayi," anatero. "Masiku ano anthu ambiri a kutsidya akubwera kudzapempha makalata ngati yanuyi, ndiye anatiuza kuti tisanalembe tiziyamba taona m'buku la othawa nkhondo. Sitichedwa ayi."

Ananyambita chala n'kuyamba kutsegula masamba mpaka anafika pa mudzi wathu. Ine maso anali pa wotchi ya pakhoma, kuwerengera ngati ndingapeze basi yobwerera tsiku lomwelo. Ndinangoona kuti chala chija chaima.

"Dzina lanu mwati ndani?"

Ndinabwereza. Anatembenuza bukulo kuti ndione ndekha. Pamwamba panali dzina la amayi anga aang'ono, mng'ono wa amayi anga, amene anathawira kwathu kuchokera kutsidya. Pansi pawo panali mayina a ana atatu. Loyamba linali langa, lonse bwinobwino, pamodzi ndi chaka chimene ndinabadwa.



"Bambo, izi zalakwika. Ine ndili ku yunivesite."

"Za ku yunivesite bukuli silidziwa, mayi. Ilo likudziwa kuti inu mumalandira ufa ndi nandolo ngati munthu wothawa nkhondo." Sananene monyoza, anangonena ngati mmene munthu amakuuzira kuti mlatho wakokoloka. "Munthu mmodzi sakhala m'mabuku awiri. Mukufuna kalata, abwere mwini khadiyu adzanene pamaso pa bwana woona za othawa kuti inu si mwana wake. Akakufufutani, ine ndikulemberani nthawi yomweyo."

Anatsitsa mawu n'kuwonjezera kuti, "Ndipo musachedwe nazo. Wina akaziona mwanjira ina, adzati munanamiza boma."

Mawu amenewo ndi amene anandiopsa kwambiri. Masiku amenewo munthu sunkafuna kuti dzina lako lipezeke m'buku limene sukulidziwa. Ku koleji tinali titaonapo anzathu akusowa pa zifukwa zochepa kuposa apa, ndipo otsalafe tinkangodutsa pa zitseko zawo osafunsa.

Ndinakwera kumbuyo kwa pikapu yopita ku Thambani, nditakhalira thumba la mchere. Fumbi linali loti munthu sungatsegule pakamwa, ndipo zinandithandiza, chifukwa ndikanatukwana njira yonse. Koma tili pakatikati ndinakumbukira chinthu chimene chinandichititsa manyazi. Kwa zaka ziwiri, nthawi iliyonse ndikamabwerera ku Zomba, amayi aang'ono ankandipatsa kaphukusi: shuga, mtedza, kabotolo ka mafuta ophikira. Ankati, "Gawo lako ili." Ine ndinkalandira ndi manja awiri. Anzanga ku hositelo ankatcha chipinda changa golosale, ndipo tinkamwa tiyi wa shuga wambiri mpaka supuni kuima. Sindinafunsepo ngakhale kamodzi kuti munthu amene anafika ndi nsalu imodzi akuzitenga kuti zinthu zimenezi. Mwana wa sayansi, wophunzitsidwa kufunsa chilichonse, pa shuga pokha sindinafunse.

Ndiyenera kufotokoza za amayi aang'onowa. Ndili ndi zaka ziwiri, amayi anga anadwala nthawi yaitali, ndipo monga timachitira kwathu, anandipereka kwa mng'ono wawo amene anali atangokwatiwa kutsidya. Malire nthawi imeneyo anali kamtsinje koti nkhuku n'kuwoloka. Ndinakhala kumeneko zaka zisanu. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kusenza ndowa, ndi iwo amene anandizula dzino loyamba n'kuliponya padenga. Ana awo awiri, wamwamuna ndi wamkazi, anabadwa ine ndili kale pakhomopo, moti iwo ankati ine ndiye woyamba. Ndinabwerera kwa amayi anga chifukwa cha sukulu basi. Kwathu palibe amene amaona chachilendo pamenepa. Amayi aang'ono ndi amayi, ana awo ndi abale ako, ndipo kufunsa kuti wabereka ndani ndi mwano.

Nkhondo itafika kumudzi kwawo, amuna awo anaphedwa. Mlongo wanga, mwana wawo wamwamuna uja, anthu a mfuti anamutenga kuti awasenzere katundu. Iwo anawoloka ndi mtsikana yekha, ndipo abale anawamangira kanyumba ka udzu kuseri kwa nyumba ya amayi anga.

Ndinawapeza atakhala pakhonde pa kanyumbako akusankha nandolo m'lichero. Ine ndine wa mtima wapachala chibadwire, ndipo tsiku limenelo ndinafika osaodira, osapereka moni, chikwama chili paphewa.

"Ndani anakuuzani kuti mulembetse dzina langa?"

Anakweza maso n'kumwetulira. "Wafika, mwana wanga? Wayenda bwanji?"

"Ndikufunsa za khadi. Dzina langa likutani pa khadi lanu?"

Anaika lichero pansi. "Tsiku lolembetsa anandifunsa kuti, mayi, ana anu ndi angati. Ndinati atatu. Anati atchuleni, ndinawatchula kuyambira wamkulu. Nanga ndikananena angati?"

"Mukanati awiri! Ine si mwana wanu wobereka!"

Amayi anga anali atatuluka m'nyumba atamva phokoso. Anangoti, "Iwe, pakamwa pakopo." Amayi aang'ono anatolanso lichero lija n'kupitiriza kusankha, koma ndinaona kuti akutaya nandolo wabwino n'kusiya timiyala.

Ndinafotokoza zonse ndili chiimire: sikolashipu, lamulo la unzika, buku lakuda, ndi masiku amene atsala. Ndinati nkhani yake ndi yaing'ono, angopita nane ku boma mawa akanene mawu awiri basi. Amayi anga anandigwira mkono n'kundikokera kumunda wa manachesi, kumene kunalibe wotimva.

"Sukulu yonseyi, koma mutu ulibe," anatero. "Ukuganiza kuti khadi lija likafika pa tebulo la bwana aona dzina lako lokha? Afunsa kuti ana enawa ali kuti. Mtsikanayu alipo. Nanga mlongo wako?"

Ndinali ndisanaganizeko.

"Chaka chino ndi chachitatu asanamveke. Ife tonse tinasiya kumutchula. Koma mng'ono wangayu, malinga dzina lili pa khadi, kwa iye mwana ali moyo ndipo boma lomwe likumudikira. Lowa m'nyumba mwake uyang'ane kudenga."

Madzulo ake, amayi aang'ono atapita kumjigo, ndinalowa. Pa mtanda wa denga panali chitini chakale cha mkaka wa ufa, chomangidwa ndi luzi. Ndinachitsitsa, chinali cholemera. M'kati munali shuga, wapansi atauma gwa ngati mwala, wapamwamba akadali watsopano. Ufa ndi nandolo za gawo la mlongo wanga zinkadyedwa chifukwa sizisungika, koma shuga wake ankamuthira m'menemo tsiku lililonse lolandira, kuti akadzafika adzamwe phala lotsekemera monga ankakondera. Ndinabwezera chitinicho, ndipo ndinamanga mfundo yolakwika moti ndikhulupirira anadziwa kuti ndagwirapo.

Ndinaganiza zoti ndipeze njira ina. M'mawa mwake ndinabwerera ku boma ndi amayi anga, titanyamula khadi langa la ubatizo ndi setifiketi ya ku pulayimale. Mlembi uja anaziwerenga mosamala, anavomereza kuti ndi zoona, n'kutibwezera. Anati mapepalawo akunena kumene ndinabadwira, koma sakufufuta zimene zili m'buku. Amayi anga analumbira kuti anandibereka okha, mpaka anafuna kumuuza dzina la mzamba. Iye anati akukhulupirira, koma amene analembetsa ndi amene ayenera kukana.

Pamenepo ndinapsa mtima mwanjira ina. Ndinati chabwino, ngati boma likuti ndine wothawa nkhondo, ndiye lindiphunzitse ngati wothawa nkhondo. Ndinali nditamva kuti mabungwe othandiza othawa ali ndi thandizo lawo la maphunziro. Ndinapita ku kaofesi kawo kuseri kwa msika, kumene ndinapeza mtsikana wa msinkhu wanga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa mapepala a sukulu a kutsidya. Ndinati ndilibe, ndinaphunzira kuno kuyambira sitandade wani.

"Ndiye kwa ife ndinu Mmalawi, asisi," anatero. "Komanso thandizo lathu silifika ku digiri yachiwiri."

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine anga anali awiri ndithu, ndipo onse anali atanditsekera kunja.

Ndisanakwere pikapu ndinalowa ku positi ofesi kukaimba foni ku Zomba. Ndinauza mkulu wa dipatimenti kuti kwathu kwagwa kavuto kakang'ono, sindinatchule kuti kotani. Zoterezi sizinali zonena pa foni.

"Masiku atsala asanu ndi awiri," anatero. "Mnzanu uja wajambulitsa kale zithunzi za pasipoti. Akuti ndi kukonzekera chabe."

Masiku anayi otsatirawo sindifuna kuwakumbukira. Chakudya chinkakana kutsika. Ndikadzuka ndinkawerenga masiku pa zala, ndikafika masana n'kuwerenganso ngati mwina ndinalakwitsa. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ndinkaganiza kuti ndi apolisi abwera kudzafunsa za mtsikana wa ku yunivesite amene amadya chakudya cha othawa. Ndinaganiza zokamupatsa mlembi uja mbuzi. Ndinaganiza zopempha kuona bukulo kachiwiri n'kung'amba tsambalo. Ndinaganiza za moyo wanga wonse ndikutsuka mabotolo, mnzanga uja atabwera kuchokera kunja ndi jasi lake n'kumandituma madzi a tiyi. Ndinkakalipira nkhuku, ndinkakalipira mng'ono wanga, mtsikana wa amayi aang'ono uja, pa zinthu zopanda pake, ndinakalipira ngakhale amayi anga kuti bwanji anadwala ine ndili mwana.

Amayi aang'ono okha sindinawakalipirenso, ndipo sindinawapemphenso. Iwo ankanditenthetsera madzi osamba m'mawa uliwonse, ankandikazingira mtedza n'kuusiya pakhomo osanena kanthu. Koma ndiulule chinthu chimene sindinauzepo munthu. Ndikafuna kulira, sindinkalirira m'nyumba. Ndinkakakhala pa mtondo wakale umene unali moyang'anana ndi khomo lawo, pamene ndinkadziwa kuti andiona. Pakamwa ndinkati sindikuwakakamiza, koma ndinkadziwa chimene ndikuchita.

Tsiku lachisanu m'mawa, ndikutsuka m'maso, ndinawaona ataima pabwalo atavala nsalu yawo ya ku tchalitchi. Khadi linali m'kapepala ka pulasitiki m'dzanja lawo, ndipo kumsana anali atabereka kaphukusi. Ndinaganiza kuti ndi kamba wa panjira.

"Tenga chikwama chako," anatero. "Galimoto ingatisiye."

Amayi anga anatuluka atanyamula tsache n'kufunsa mng'ono wawo. "Iwe, waganiza bwino?"

"Achemwali, mwana sakudya masiku anayi. Mukufuna ndimuyang'ane mpaka liti?"

Ndikanatha kunena kuti ayi, tiyeni tisiye. Ndinalowa m'nyumba kukatenga chikwama.

Pa pikapu tinakhala moyandikana. Pa mabampu ankandigwira bondo kuti ndisagwe, monga ankachitira ndili mwana tikakwera ngolo. Ine ndinkapemphera pemphero loipa, loti bwanayo akhale waulesi, aone dzina langa lokha n'kutseka buku.

Sanali waulesi. Anali bambo wachinyamata, wooneka wotopa, wa mapensulo atatu m'thumba la malaya. Mlembi uja anabweretsa buku lakuda n'kulitsegula pa mudzi wathu. Amayi aang'ono anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi khomo atapinda miyendo.

"Mayi, mtsikana uyu ndi mwana wanu?"

Anandiyang'ana. "Ndinamulera ine, bwana. Anabwera asanadziwe kuyankhula."

"Sindikufunsa zolera. Munabereka ndinu?"

"Iyayi."

"Ndiye nenani bwinobwino kuti tilembe."

Anayang'ana pansi, n'kusalaza nsalu pa maondo pawo kawiri. Mawu atatuluka anali ang'ono moti bwanayo anapendeketsa mutu.

"Si mwana wanga."

Bwanayo anatenga rula ndi cholembera chofiira n'kudula mzere pa dzina langa, m'buku ndi pa khadi pomwe. Mlembi anawagwira chala chachikulu, anachiviika mu inki n'kuchidinda pambali pake. Kenako anapita pa tebulo lake pakona, analowetsa pepala m'taipi n'kuyamba kulemba kalata yanga. Phokoso la taipi ija linandikomera kuposa nyimbo iliyonse imene ndinamvapo, ndipo ndikuchita manyazi kunena zimenezi.

Bwanayo anali asanatseke buku.

"Ana enawa ali kuti?"

"Wamkaziyo ali kumudzi, ali ku sukulu. Amabwera nane polandira, amamudziwa."

"Wamwamunayu?"

"Akubwera."

"Ali kuti?"

"Ali m'njira, bwana."

"Munasiyana naye liti?"

Taipi inali italeka, mlembi akuyang'ana kuno.

"Chaka chino ndi chachitatu."

Bwanayo anapuma mozama n'kudzisisita pachipumi. Sanali munthu woipa, ndipo ndinaona kuti mafunso amenewa anali atawafunsapo azimayi ena ambiri. "Pepani, mayi. Lamulo ndi loti amene palibe timamuchotsa. Tsiku limene adzafike mudzabwere naye, tidzamulembanso. Sizivuta."

Apa ndi pamene ndikanayankhula. Ndinali ndi Chingelezi chokwanira, ndinkadziwa kutsutsana ndi maprofesa. Ndikanati bwana, nkhani imene tabwerera ndi yanga, inayo isiyeni. Koma kalata yanga inali ikadali m'taipi, yopanda chidindo, ndipo ndinaopa kuti ndikamukwiyitsa aiimitsa. Ndinakhala chete. Rula inaikidwanso, mzere wachiwiri unadulidwa.

Anawabwezera khadi. Iwo analilandira ndi manja awiri, analiyang'ana ngakhale sankadziwa kuwerenga, n'kuthokoza m'chiyankhulo cha kutsidya kuja.

"Ndatenda, bwana."

Tinatuluka, kalata yanga ili mu envulopu ya khaki, chidindo chisanaume. Iwo anali patsogolo, akuyenda mofulumira kuposa masiku onse. Ndinawathamangira.

"Amayi..."

Anatembenuka mwamantha n'kuyang'ana ku mawindo a ofesi. "Tsitsa mawu. Tikadali pafupi, angamve n'kukulanda kalata."

Masiku anali atatsala awiri, choncho panalibe zobwereranso kumudzi. Anandiperekeza ku siteji ya basi za ku Blantyre. Azimayi ogulitsa manachesi anatizungulira, ine ndinagula mulu umodzi n'kuwapatsa, posowa china chochita ndi manja anga. Basi itafika, anamasula kaphukusi kanali kumsana kaja. Sanali kamba. Chinali chitini cha mkaka chija, luzi lake lili pomwepo.

Anachinyamula m'mawa, tisanakumane ndi bwana, funso lija lisanafunsidwe.

"Munadziwa?" ndinafunsa.

"Tenga. Akuti kumene ukupitako kumazizira. Uzikamwa tiyi."

"Koma ndi za..."

"Ndizisungiranso ndani? Kwera, malo angathe."

Ndinakwera, chitini chili pamiyendo. Basi ikunyamuka ndinawaona pawindo akupukuta chala chawo pa nsonga ya nsalu, inki ija osachoka.

Kalata inafika pa tebulo la mkulu wa dipatimenti kutatsala tsiku limodzi. Anaiwerenga, anagwedeza mutu, n'kundifunsa ngati kavuto ka kumudzi kaja katha. Ndinati katha. Mnzanga wachiwiri uja anandigwira chanza n'kundifunira zabwino, ndipo ndikuganiza kuti ankanena zoona. Ndinapita kunja, ndinavala jasi lija, ndinabwera ndi digiri yachiwiri n'kuphunzitsa monga ndinasayinira.

Pobwera ndinapeza nkhondo itatha, amayi aang'ono atabwerera kutsidya ndi mng'ono wanga. Mlongo wanga sanafike, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kumene anagona. Ndinawoloka kamtsinje kaja kukawaona. Anandilandira ndi nthungululu, anandiphera nkhuku, anandigwiragwira masaya kuona ngati azungu ankandidyetsa. Anzawo apafupi atabwera kudzaona mlendo, iwo anandiloza n'kunena kuti, "Uyu ndi mwana wa achemwali anga, wa ku Malawi." Panalibe bwana, panalibe buku, ofesi inali kutali ulendo wa tsiku lathunthu. Ananena choncho kwa aliyense amene anabwera.

Chitini chija sindinachitsegule, ngakhale m'chisanu cha kunja kuja. Mpaka lero tiyi ndimamwa wopanda shuga, ndipo anzanga kuntchito amaganiza kuti anandiletsa ndi adokotala.